MLENDO WA PA NJINGA AGONA KUTI?

 Mwezi uno tati ticezeko za nkhani imene inatigwera pakhomo m'nyengo ya cisanu yapitayi, imene mpaka lero akuluakulu a pa chalichi cathu akali kuikamba.

Linali Lacinayi m'mwezi wa Juni, dzuwa litafiira kale. Tinali titangomaliza kuphunzitsa ana okonzekera Ukaristia woyamba pa kachalichi kathu ka m'mbali mwa msewu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka, pamene anawo anathamangira kumsewu ndi phokoso. Titasuzumira tinaona mnyamata wacizungu, woonda ndi wopserera ndi dzuwa, akukankha njinga yolemedwa ndi zikwama zinayi, ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo. Anatipatsa moni wa Cinyanja umene anatola m'njira, kenaka anapempha m'Cingerezi kuti timulole kukhoma katenti kake kuseri kwa chalichi usiku umodzi wokha. Anati anacokera ku Lilongwe, ulendo wa ku Livingstone, ndipo tsiku limenelo miyendo inali itakana.

Pomwepo panabuka mtsutso. A wapampando anatikokera pambali nati: "Akatekisiti, munthu uyu sitimdziwa. Akadwala usiku, kapena akuba akamcita cipongwe, apolisi adzagwira yani? Si ife?" Amayi ena acikulire, amene anali kusesa pabwalo, anaimika tsache nayankha: "Nanga mwana wa eni timbwezere kumsewu ndi mdima uno? Malole aja amusiya wamoyo?" Ife tinaima pakati, cifukwa onse awiri ananena zoona. Mantha a wapampando sanali opusa, ndipo cifundo ca amayi aja sicinali ca cibwana. Funso limene linatsala m'mutu mwathu ndi limene talemba pamwambapa: munthu woyenda ulendo wautali pa njinga, dzuwa likalowa, agona kuti? Nanga ife okhala m'mbali mwa msewu, mbali yathu ndi yotani?

Anthu amenewa ndani?

Ena mwa inu amene mukhala ku Katete, ku Sinda kapena ku Nyimba munaonapo gulu la apanjinga ovala zisoti akudutsa motsatana. Kuyambira m'caka ca 2003 pakhala ulendo wochedwa Tour d'Afrique, umene poyamba unacokera ku Cairo m'dziko la Egypt mpaka ku Cape Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 12,000 m'miyezi inayi, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukulowa m'dziko lathu pa Mwami ndi kutsata msewu wathu womwewu. Koma amenewa satigogodera, pakuti amayenda ndi malole onyamula katundu, ophika ao, ndi malo ogona okonzedweratu. Amene amatigogodera ndi oyenda okha kapena awiriawiri, amene nyumba yao yonse ili pa keliyala.

Kuyenda kotereku sikunayambe dzulo. Kazimierz Nowak wa ku Poland ananyamuka ku Tripoli mu Novembala 1931, nafika kunsonga ya kum'mwera kwa Africa, ku Cape Agulhas, mu Epulo 1934, nabwereranso kumpoto mpaka ku Algiers mu 1936. Anayenda makilomita okwana 40,000, ambiri a iwo pa njinga, ena pansi, pa kavalo, pa ngamila ndi m'bwato. Mayi Dervla Murphy a ku Ireland, ali ndi zaka 60, anapalasa okha m'caka ca 1992 kucokera ku Kenya kudzera ku Uganda, Tanzania, Malawi ndi Zambia mpaka ku Zimbabwe. Ku Spain nako, akhristu opita ku manda a Yakobe Woyera Mtumwi ku Santiago de Compostela amaloledwa kuyenda pa njinga: woyenda pansi ayenera kukwanitsa makilomita 100 otsiriza, wa pa njinga 200, kuti alandire kalata ya umboni. Aliyense amanyamula kabuku kamene amamdindiramo cidindo pa nyumba iliyonse imene wagona. Ndipo m'nyumba zambiri za alendo za kumeneko, malo akacepa, woyenda pansi ndiye amayamba kupatsidwa bedi, popeza wa njinga angathe kupitirira mpaka mudzi wina.

Komatu tisaganize kuti iyi ndi nkhani ya azungu okha. Kwa ife a Kum'mawa njinga ndi mwendo wacitatu. Ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo ambiri a ife tinaphunzira kupalasa pa njinga zimenezo, mwendo titaupisa pansi pa cisulo ca pakati cifukwa cishalo cinali kutalika. Atate athu anali kupita ku maliro a kutali pa njinga. Akatekisiti akale anali kuzungulira machalichi a m'midzi masabata athunthu osabwerera kwao, akugona kumene dzuwa lawalowera. Ngakhale lero amalonda a makala, a nkhuku ndi a mbuzi amagona m'njira. Kusiyana kwake n'kwakuti wina amayendera kuona dziko, wina amayendera umphawi. Koma ikakwana 18 koloko onse awiri ndi amodzi: otopa, aludzu, osowa pogona.

Msewu wa ku Lusaka

Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570. Basi imatha mtunda umenewu tsiku limodzi, koma munthu wa pa njinga yolemedwa, amene sali pa mpikisano, amayenda makilomita 80 kapena 100 pa tsiku. Ndiye kuti sabata yathunthu ali m'njira, ndipo usiku uliwonse ayenera kupeza pogona patsopano.

Gawo loyamba ndi lokoma. Kucokera ku Chipata kudzera pa Katete, Sinda ndi mphambano ya Petauke mpaka ku Nyimba zitunda n'zofatsa, midzi ili pafupipafupi, mijigo siisowa, ndipo pa Nyimba nthoci n'zambiri. Mavuto amayamba mukapitirira Nyimba. Kucokera pamenepo kufika pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968, pali makilomita pafupifupi 100 a mapiri. Msewu umakhotakhota, kukwera ndi kutsika, ndipo mukadutsa Kacholola midzi imatalikirana. Kutsidya kwa mlatho muyambanso kukwera kulunjika ku Mpanshya ndi ku Rufunsa, musanatulukire ku Chongwe. M'cigwa ca Luangwa m'mwezi wa Okutobala mumatentha kotero kuti madzi a m'botolo amafunda ngati a tiyi; n'cifukwa cake odziwa amayenda ulendowu pakati pa Meyi ndi Ogasiti.

Pali cinthu cina cimene cimawagwetsa m'mbuna alendo a ku Ulaya. Kwao m'nyengo yotentha dzuwa limalowa mocedwa, 21 koloko kukali koyera. Kwathu kuno caka conse limalowa ca m'ma 18 koloko, ndipo cisisira n'cacifupi: theka la ola, mdima wagwa. Tsono mdima wa pa msewu umenewu ndi wa malole ndi mabasi, ndipo njinga yopanda nyali woyendetsa amaiona itafika kale pamphuno pa galimoto.

Usiku umene tinaphunzira

Msewu umenewu ifenso tinauyenda pa njinga tili anyamata, anthu atatu. Tinali kupita ku ukwati wa mnzathu wa ku sukulu ya mishoni amene anali kukwatira ku Matero, ndipo ndalama za basi tinalibe. Inali nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inali itangotha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma mu Okutobala 1992. Zaka za m'mbuyomo anthu a mfuti anali kuoloka malire ndi kuvutitsa midzi ya m'mbali mwa malirewo, kotero kuti eni midzi anali akali ndi mantha. Ife, ndi magazi a unyamata, sitinaziganizire zimenezo.

Masiku atatu oyamba anayenda bwino. Usiku woyamba tinagona kwa azakhali a mnzathu, waciwiri m'kalasi imene aphunzitsi aakulu a sukulu ina anatitsegulira, wacitatu m'kanyumba kena ka alendo kolipira, m'mene nsikidzi ndi nyimbo za m'nyumba ya mowa zinagawana usiku wathu pakati. Tsiku lacinayi tinanyamuka mocedwa pa Nyimba cifukwa gudumu la kumbuyo la mnzathu linathyoka masipoko atatu. Tinafika pa Kacholola ca m'ma 15 koloko. Abambo ena ogulitsa tiyi anatiuza kuti: "Anyamata, gonani pompano. Kutsogoloku anthu ndi ocepa." Tinawaseka mumtima. Tinawerengera kuti potsika mapiri njinga iuluka yokha, tikagona pa mlatho ndi kudya nsomba. Tinaiwala kuti phiri lililonse lotsika lili ndi mnzake lokwera. Ca m'ma 17 koloko cheni ca mmodzi wa ife cinaduka, ndipo pamene tinali kucilumikiza ndi msomali ndi mwala, dzuwa linalowa.

Tinakankha njinga mumdima maola awiri, nyali tilibe, mpaka tinaona moto patali pang'ono ndi msewu. Tinalunjika komweko. Agalu anauwa, ana analira, ndipo tisananene "Odi" tinamva zitseko zikutsekedwa ndi mipiringidzo. Moto uja anauthira dothi. Patapita kanthawi panatuluka abambo awiri, wina ndi nkhwangwa, wina ndi mkondo, natifunsa m'Cinsenga kuti ndife yani ndipo tifunanji usiku. Mau athu anali kunjenjemera. Cimene cinatipulumutsa ndi kalata ya cidindo imene Abambo Mfumu a parishi yathu anatilembera, pamodzi ndi mareji athu. Anatitengera kwa amfumu a mudziwo, amene anadzutsa mdzukulu wao wa pa sukulu kuti awerenge kalatayo pa kuwala kwa koloboyi.

Amfumu anatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Ana anga, mlendo wabwino amafika dzuwa lilipo, kuti eni mudzi amuone nkhope. Woyenda usiku ndi fisi. Mukadalasidwa, mlandu ukadakhala wa yani?" Atatha kutidzudzula analamula kuti atiphikire nsima, natigoneka m'mphala ya anyamata. M'mawa akazi ao anatipatsa mbatata zoocha za m'njira. Sanalandire ngakhale ngwee imodzi; tinangowasiyira sopo ndi mcere zimene tinanyamula. Ku Lusaka tinafika tsiku la 8, ukwati uli mawa lake.

Kuyambira pamenepo tinadziwa kuti pogona safuna usiku, amafuna masana. Anthu aja sanali ouma mtima. Ife ndife tinawaopsa.

Kwa inu amene mufuna kunyamuka

Tidziwa kuti pali acinyamata m'maparishi mwathu amene amalakalaka ulendo wotere, ndipo sitiwaletsa: umaphunzitsa munthu dziko lake kuposa kuyang'ana pa zenera la basi. Koma tamverani zimene zinatipweteka ife.

Coyamba, nyamukani m'bandakuca. Maola a pakati pa 6 ndi 11 koloko ndiwo a phindu. Mtunda umene simunayende m'mawa simudzaubweza madzulo. Ikakwana 15 koloko yambani kufunsa za kutsogolo: mudzi wina uli patali bwanji, pali zitunda zingati, madzi aliko? Funsani wa njinga mnzanu, osati woyendetsa galimoto, pakuti kwa iye paliponse ndi pafupi. Ikakwana 16 koloko imani pamene mwapeza anthu, ngakhale mphamvu zikalipo. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma wofunsa n'kusamvera, monga tinacitira ife pa Kacholola, amadya phula lomwelo.

Caciwiri, dziwani mitundu ya malo ogona. M'maboma monga Katete, Petauke, Nyimba ndi Chongwe muli nyumba za alendo zolipira. Musanapereke ndalama onani cipinda: kodi citseko cikhomeka, neti ilimo, madzi osamba alipo? Pemphani kuti njinga igone nanu m'cipindamo, ndipo ngati mufuna tulo pewani cipinda coyandikana ndi pomwera mowa. Kumene kulibe nyumba zotere kuli sukulu, kacipatala, polisi ndi chalichi. Pa sukulu funsani aphunzitsi aakulu, ndipo mutuluke m'kalasi ana asanafike. Pa mishoni monga Minga kapena Mpanshya funsani ku nyumba ya ansembe, koma kumbukirani kuti mishoni si hotela: angakhale ndi alendo ena, ndipo akakana musanyinyirike.

M'mudzi pitani kwa amfumu, osati pa nyumba imene yakukomerani m'maso. Tsikani pa njinga muli patali, vulani cisoti ndi magalasi akuda, nenani "Odi", khalani pansi, lonjeranani bwinobwino, ndipo pambuyo pake fotokozani kumene mucokera, kumene mupita ndi cimene mupempha. Nenani poyera kuti ndi usiku umodzi, kuti eni nyumba mitima ikhale pansi. Kulinso mndandanda wochedwa Warm Showers, umene unayamba mu 1993 ndipo lero uli pa intaneti, wa mabanja olandira apanjinga kwaulere. Koma foni ikatha moto pakati pa mapiri, pakamwa panu ndi ulemu wanu ndizo zidzakupezereni mphasa.

Kugona m'thengo mobisala, monga amacitira alendo ena, ife sitikulimbikitsa. Thengo lililonse lili ndi mwini. M'cilimwe kuli moto wolusa, ndipo munthu wopezeka m'mamawa atabisala kuseri kwa munda amaganiziridwa zoipa.

Cacitatu, ngati muli gulu, musagwe mwadzidzidzi pakhomo pa anthu. Munthu mmodzi kapena awiri amakwana pa mbale ya banja, koma anthu 10 amagwetsa nkhokwe. Abambo a parishi yanu alembe kalata kapena aimbe foni ku maparishi a m'njira masabata awiri musananyamuke. Nyamulani ufa wanu, kapenta, mafuta ndi poto. Pakhale wamkulu mmodzi wolankhulira gulu, ndipo ngati muli atsikana, pakhalenso mayi wowayang'anira, ndi malo ao ogona okonzedweratu.

Cacinayi, katundu. Reji ndi kalata ya cidindo zikhale m'kathumba kosalowa madzi. Neti ya udzudzu, bulangeti, kamphasa kapena tenti, nyali yoyera ya kutsogolo ndi yofiira ya kumbuyo, ndi covala cowala coti oyendetsa malole akuoneni patali. Za njinga: pampu, zigamba ndi sulushoni, chubu capadera, masipoko, masipanala, zolumikizira cheni ndi timafuta. Mabuleki muwayese musanafike ku mapiri, pakuti njinga yolemedwa ikatsika siimva mphira wakutha. Mabotolo a madzi asacepere atatu, ndi klorini yothiramo. Nshawa zokazinga ndi mbatata zimasunga mphamvu kuposa zakumwa zotsekemera. Musaiwale kamphatso ka eni nyumba: sopo, mcere, shuga kapena macesi. Thupi likatentha pitani ku cipatala akakupimeni malungo, ulendo sumathawa.

Cacisanu, khalani mlendo wopepuka. Idyani cimene akupatsani, osayang'ana kukhola la nkhuku. Musajambule anthu musanapemphe. Mowa usiyeni. Anyamata, ana aakazi a eni nyumba ndi alongo anu. M'mawa sesani pamene munagona, tsazikani amfumu, siyani kamphatso m'manja mwa amayi amene anaphika, ndipo nyamukani. Paja mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Kumbukirani kuti m'mbuyo mwanu mukubwera wa njinga wina, ndipo m'mene mwacitira inu ndimo adzamlandirire iye.

Kwa ife okhala m'mbali mwa msewu

Tibwerere tsono kwa mlendo wathu wa m'mwezi wa Juni. Tinacita cimene amfumu a kumapiri aja anatiphunzitsa. Tinamperekeza kwa anyakwawa a mudzi, iye akukankha njinga, ana akulondola m'mbuyo. Anyakwawa anaona pasipoti yake, mlembi wa chalichi analemba dzina ndi dziko lake m'buku, ndipo tinaimbira foni Abambo ku parishi kuwadziwitsa. Tenti anaikhoma pabwalo pa a wapampando omwe aja, pafupi ndi nkhokwe, osati kuseri kwa chalichi kumene usiku kulibe munthu. Njinga inagona m'nyumba. Motero mantha a wapampando anayankhidwa, ndipo cifundo ca amayi aja cinayankhidwanso.

Usiku umenewo tili kuotha moto tinamfunsa kuti covuta koposa pa ulendo wake n'ciyani, tikuganiza kuti achula mapiri kapena dzuwa. Anati ayi: covuta ndi ola la madzulo, pamene miyendo yatha koma sadziwa ngati khomo limene agogode litseguka. Ifenso tinamfotokozera za cheni cathu coduka ndi mkondo wa usiku uja, ndipo onse anaseka, ngakhale a wapampando.

Apa ndi pamene pali nzeru ya makolo athu. Mwambo wopereka mlendo kwa mfumu umachinjiriza onse awiri: mlendo amakhala m'manja mwa mudzi wonse, ndipo mwini nyumba sasenza mlandu yekha. Akuba alipo, onyenga alipo, ndipo sitinena kuti mutsegulire aliyense cipinda cimene mugona ana anu. Koma pakati pa kutsegula cipinda ndi kupirikitsa munthu pali njira zambiri: khonde, kalasi, mphala, khichini, bwalo.

Wa njinga safuna zambiri. Afuna madzi akumwa, cidebe ca madzi ofunda osamba, malo osalala, kumuonetsa cimbudzi, ndi mpata wopuma. Ngati pali nsima mgawireni, ndipo musadabwe akadya ngati anthu awiri. Ana athu tiwalangize: kumuunjirira munthu pakhomo pa tenti mpaka usiku, kugwiragwira zikwama zake, kapena kumthamangira pamsewu ndi mau opempha ndalama, ndi manyazi a ife makolo. Nafenso akuluakulu tisamusandutse mlendo munda, kumpempha njinga, foni, kapena kuti atitengere mwana ku Ulaya. Akapereka yekha kanthu landirani ndi manja awiri. Akapanda kupereka, simunataye kanthu. Akakhala mayi woyenda yekha, amayi anzake ndiwo amlandire ndipo agone kufupi ndi iwo.

Pano tidzifunse moona mtima. Kodi tikadakangana motere akadakhala wa makala wa kumudzi wina, wakuda ngati ife, wa malaya ong'ambika? Kapena tikadangomuuza kuti apitirire, popanda ngakhale mtsutso? Mzungu timamlandira msanga cifukwa ndi wacilendo, ndipo mwina mumtima tiyembekeza kanthu. Koma wa makala amagona m'ngalande pambali pa matumba ake, m'cisanu ca Juni, ife tili m'nyumba poti tikhoza kumumva akutsokomola. Lamulo la Benedikito Woyera, limene linalembedwa zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, lili ndi mutu wathunthu, wa 53, wonena za kulandira alendo, ndipo limacenjeza amonke kuti osauka ndi apaulendo ndiwo ayenera cisamaliro coposa, popeza olemera anthu amawalemekeza kale cifukwa cowaopa. Mau amenewa sanakalambe.

Tsono pempho lathu kwa makhonsolo a machalichi a m'mbali mwa misewu ndi ili: musadikire kuti mlendo afike ndiye muyambe mtsutso dzuwa likulowa, monga tinacitira ife. Kambiranani pa msonkhano wanu wa pamwezi: ndani adzalandira mlendo, adzagona pati, ndani adzadziwitsa anyakwawa ndi Abambo, buku lolembamo alendo lidzakhala kwa yani. Mphasa imodzi, neti imodzi ndi cidebe cimodzi zosungidwa pa chalichi sizingasaukitse mpingo. Ndipo zikhale za wa njinga aliyense, wa zikwama zinayi ndi wa matumba a makala yemwe.

Mlendo wathu uja ananyamuka kutangoca. Amayi a tsache aja anam'mangira mbatata ndi nshawa m'kapepala. A wapampando, amene dzulo lake anali kuopa apolisi, ndiwo anamperekeza pa njinga yao mpaka kumalire a mudzi. Tinawaona patali ataima pambali pa msewu, akuloza pa dzanja pamene pakhala koloko, kenaka kumadzulo, akum'bwerezera m'Cingerezi cao cothyokathyoka kuti akafika pa Kacholola ca m'ma 15 koloko asapitirire.

Tikumanenso mwezi wa mawa. Ambuye akusungeni m'maulendo anu onse.